Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: wodwala wofuna chamba cha mankhwala adzamusainira ndani?



Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Amene anaimirira kulongosola biluyo anali nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, a Kondwani Nankhumwa, ndipo bungwe limene linabadwa, la Cannabis Regulatory Authority, linalowa m'khonde la unduna womwewo. Kuyambira pamenepo nkhani ya chamba yakhala ya alimi ndi amalonda: malaisensi a madola 10,000, mbewu zoitanitsa kunja, makopaletivi amene anasonkha ndalama n'kumadikira ogula, ndi kalata ija ya mu 2021 yopempha Mike Tyson kuti akhale kazembe wa mbewuyi. Zonsezi zinamveka pa wailesi mpaka anthu kutopa nazo. Amene sanamveke ndi mwini mankhwalawo: mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene akusanza usiku wonse atalandira mankhwala a khansa, kapena mwana wa khunyu amene mapiritsi onse a ku famase amulephera.

Munthu ameneyu si wa unduna wa zaulimi. Ndi wa a Nduna. Ndipo tsiku limene botolo loyamba la mafuta a chamba lidzafike pa shelefu ya chipatala cha boma, mafunso adzakhala a pa desiki pawo: ndani atsimikize kuti wodwalayu akufunikiradi mankhwalawa, dzina lake lilembedwe kuti, ndipo ndani ali ndi ufulu wotsegula bukulo.

Wolemba kalatayi akupempha kuti a Nduna aponye maso ku America, kumene zigawo zoposa 35 zinayesa kale kuyankha mafunsowa, chilichonse m'njira yakeyake, zina n'kupsa nazo zala.

Zinayambira ku California mu Novembala 1996, pamene ovota anavomereza lamulo lotchedwa Proposition 215. Amene analimbikira kwambiri anali anthu a ku San Francisco amene anaika m'manda anzawo ambiri chifukwa cha Edzi, ataona kuti chamba chimabwezera chilakolako cha chakudya kwa munthu amene watha thupi. Koma boma lalikulu la ku Washington linali ndi lamulo lake la 1970 loika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa kotheratu, ndipo linaopseza kuti dokotala aliyense wolimbikitsa wodwala kugwiritsa ntchito chamba alandidwa chilolezo cholembera mankhwala. Dokotala wina wodziwika pa za Edzi, Marcus Conant, ndi anzake anakasuma, ndipo mu 2002 khoti la apilo linagamula kuti boma silingalange dokotala chifukwa cholankhula ndi wodwala wake za chamba. Chigamulocho chinateteza kulankhula ndi kulangiza, sichinapereke mphamvu yolembera chamba monga amalembera panado kapena amokisilini. Ndiye chifukwa chake dongosolo lonse la ku America linamangidwa mokhotakhota: dokotala amangosaina chikalata chakuti uyu akudwaladi ndipo chamba chingamuthandize, boma la chigawo limapereka khadi, wodwala n'kupita kukagula ku sitolo yapadera, kumene womugulitsa kawirikawiri sanaphunzire za mankhwala. Mlingo wake, nthawi yomwera, kusagwirizana ndi mankhwala ena, zonsezi nthawi zambiri zimatsala m'manja mwa wodwala ndi wogulitsa.

Malawi alibe boma lachiwiri pamwamba pake lomukakamiza kukhota chonchi. Kukopera dongosolo la makhadi osafunsa chimene chinalibala kungakhale kutengera chilema cha mnzako.

Ngozi yake inaonekera poyera ku Montana, chigawo cha mapiri chimene nthawi imeneyo chinali ndi anthu osakwana miliyoni imodzi. Ovota anavomereza chamba cha mankhwala mu 2004, ndipo kwa zaka zingapo olembetsa anali ochepa. Mu 2009 boma la ku Washington litanena kuti silidzalimbana ndi odwala otsata malamulo a zigawo zawo, kunabuka malonda a siginecha. Amalonda ankachita lendi holo ya pa hotela, n'kubweretsa dokotala, anthu n'kufola pa mzere ndalama zili m'manja. Dokotala mmodzi ankatha kusainira anthu ambirimbiri pa tsiku, aliyense mphindi zowerengeka, osamuyeza, osaona mbiri ya matenda ake, mawa gulu lonse n'kusamukira tauni ina. Kunali kukokerana anthu ngati oitanira minibasi pa depoti. Pofika 2011 makhadi anali pafupifupi 30,000. Aphungu atakwiya anakhwimitsa lamulo chaka chomwecho, mpaka kulamula kuti dokotala wosainira anthu oposa 25 pa chaka afufuzidwe ndi bungwe loyang'anira madokotala. Chiwerengero chinagwa kufika pansi pa 10,000. Onamizira anathawa, n'zoona, koma anathawanso madokotala oona mtima amene sankafuna kufufuzidwa, ndipo odwala enieni anatsala opanda wowasainira.

Colorado inakumana ndi zofanana m'zaka zomwezo, ndipo mu 2010 inalamula kuti wosaina akhale dokotala amene wamuyezadi wodwalayo ndipo akusunga mbiri yake. Oklahoma inasankha dala kutsegula chitseko chonse. Lamulo limene ovota anavomereza mu Juni 2018 linalibe mndandanda wa matenda, kungoti dokotala asaine. Khadi ya zaka ziwiri inali madola 100, osauka amene boma limawalipirira chipatala madola 20 okha. Patangopita zaka zitatu, pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse m'chigawocho anali ndi khadi, ndipo masitolo a chamba anaposa 2,000. Palibe amene amakhulupirira kuti Oklahoma inadwala mwadzidzidzi chotero. Mu 2022 boma linaimitsa kupereka malaisensi atsopano kwa amalonda.

A Nduna sakufunika kuuzidwa mmene malonda a siginecha angayendere kuno. Dziko limene munthu amatha kupeza lipoti la kuchipatala loti wapuma masiku asanu osadwala n'komwe, silingavutike kupeza wosainira khadi ya chamba. Komanso chamba chathu ndi chotchipa ndipo chili paliponse, kuchokera ku Nkhotakota mpaka ku Mzimba. Khadi yoteteza munthu kwa apolisi ingakhale ndi mtengo kuposa chamba chenichenicho.

Koma kuopa chinyengo kuli ndi dzenje lakenso, ndipo New York inagweramo. Lamulo lake la 2014 linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2016 ndi matenda khumi okha ololedwa, ululu wosatha osakhalapo. Dokotala ankayenera kuchita kaye maphunziro a maola anayi ndi kulembetsa asanasainire aliyense, ndipo ambiri sanadzivutitse. Makampani asanu analoledwa kutsegula masitolo 20 m'chigawo cha anthu pafupifupi 20 miliyoni. Odwala ankayenda maulendo ataliatali kufunafuna dokotala wolembetsedwa. Boma linayamba kumasula pang'onopang'ono: linalola anamwino a maphunziro apamwamba ndi othandizira madokotala kusaina, mu 2017 linawonjezera ululu wosatha, mu 2022 linasiyira wosainayo kuweruza yekha matenda oyenera, ndipo kenako linathetsa zoti wodwala azikalembetsanso payekha akasainiridwa. Ku Britain, kumene kuyambira Novembala 2018 madokotala akuluakulu okha ndiwo amayamba kulembera munthu chamba, zipatala za boma zalembera anthu ochepa kwambiri, ndipo ambiri amakalipira ku zipatala za pulaiveti.

Mfundo ya New York ndiyo yoti a Nduna aiganizire kwambiri. Kuno wodwala wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amaonana ndi kiliniko ofesala, medikolo asisitanti kapena namwino. Dokotala wamkulu wa khansa kapena wa matenda a ubongo amamumva dzina lokha. Lamulo lonena kuti asaine ndi sipeshalisiti yekha lidzakhala lamulo la anthu a ku Area 10 ndi ku Namiwawa. Chimodzimodzi kulembetsa pa intaneti, chithunzi cha pasipoti, ndi ndalama ya chaka ndi chaka monga madola 75 amene Florida imalipiritsa, kuwonjezera pa kukaonananso ndi dokotala miyezi isanu ndi iwiri iliyonse. Kwa mlimi wa chimanga amene khansa yamudyera kale mbuzi zonse, ndalama yolembetsera, ngakhale itachepa chotani, ndi chitseko chotseka.

Tsono nkhani ya kaundula. Kulemba maina a odwala pamalo amodzi kumaoneka kwanzeru kwa aliyense wokhala mu ofesi, koma wolembedwayo amaona zina. Mu Novembala 2017 apolisi a ku Honolulu, ku Hawaii, analembera makalata anthu ena a makhadi a chamba kuwauza kuti apereke mfuti zawo pasanathe masiku 30, chifukwa lamulo la boma lalikulu silinkalola wogwiritsa ntchito chamba kukhala ndi mfuti. Anthu atadandaula apolisi anabweza mawu, koma uthenga unali utamveka kale: dzina limene munthu anapereka pofuna chithandizo likhoza kumutembenukira. Kumayambiriro kwa 2018 Pennsylvania inasintha maganizo ake olumikiza kaundula wa odwala ndi makompyuta a apolisi. California inali itaganiza kale zimenezi mu 2003. Khadi yake ndi yosakakamiza, ndipo pamakhala chithunzi, nambala ndi tsiku lothera ntchito, popanda dzina kapena adiresi. Wapolisi akaima ndi munthu pamsewu amalowetsa nambala ija pa kompyuta, yankho n'kubwera lakuti khadiyo ndi yoona kapena ayi. Matenda a munthuyo sawaona.

Za mfuti si vuto la odwala athu. Vuto lawo ndi manyazi, ntchito ndi pa rodibuloko. M'dziko lino mawu akuti "wachamba" amachotsa munthu pa udindo wa ku mpingo ndi kuthetsa chitomero. Mphunzitsi amene akulandira mankhwala a khansa sangalembetse ngati akudziwa kuti mndandanda ukhoza kufika kwa ahedi kapena kwa wapolisi wa pa siteshoni yapafupi. Unduna wa a Nduna unaphunzira kale zimenezi pa nkhani ya HIV, pamene anthu ankadutsa chipatala cha kwawo kukatenga ma ARV kutali kuopa kuonedwa. Ndiponso lamulo la mankhwala oopsa, Dangerous Drugs Act, likadalipo, ndipo anthu akumangidwabe nalo sabata ndi sabata. Wodwala wonyamula botolo la mafuta m'chikwama ayenera kukhala ndi chomuteteza chimene wapolisi wa pa Zalewa angachizindikire, osafunsa kuti akudwala chiyani.

Pali amene angati zonsezi n'kungotsegulira chamba khomo lakumbuyo. Nkhawa yawo si yopanda pake, ndipo ogwira ntchito ku chipatala cha amisala ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu ali ndi ufulu woyamba kuyankhulapo. Lipoti lalikulu la bungwe la National Academies la ku America la mu 2017 linapeza umboni wokwanira wakuti chamba kapena mankhwala ochokera m'chamba amachepetsa ululu wosatha mwa akuluakulu, nseru ndi kusanza kobwera ndi mankhwala a khansa, ndi kuuma kwa minofu pa matenda ena a mitsempha. Lipoti lomwelo linapezanso umboni wokwanira wakuti kusuta chamba kumayendera limodzi ndi matenda a misala, makamaka kwa osuta kwambiri. Mu 2018 America inavomereza Epidiolex, mankhwala a madzi ochokera m'chamba, pa mitundu iwiri yovuta ya khunyu la ana. Mndandanda wa matenda amene umboni ulipo ndi waufupi kuposa umene amalonda amalengeza, ndipo n'chifukwa chake wosankha ayenera kukhala munthu wodziwa wodwalayo ndi banja lake, wokhoza kumukaniza mnyamata amene m'banja mwawo muli mbiri ya misala.

Chodabwitsa n'chakuti njira yabwino ili kale m'zipatala za a Nduna. Mofini ndi mankhwala oopsa kuposa chamba, koma ku Tiyanjane pa Queens, ku Ndi Moyo ku Salima ndi m'zipatala za m'maboma amaperekedwa kwa odwala a ululu waukulu popanda khadi yapadera. Botolo limakhala m'kabati yokhoma. Wotulutsa amalemba m'buku tsiku, mlingo ndi zotsala, n'kusaina. Wolembera ndi wogwira ntchito wolembetsedwa ku bungwe la madokotala kapena la anamwino, amene akhoza kulandidwa satifiketi akachita zachinyengo. Wodwala amanyamula kabuku kake ka kuchipatala komwe kaja, kopindikapindika, kokutidwa ndi pepala la pulasitiki, mmene mwalembedwa zonse kuyambira malungo a chaka chatha. Boma limalondola botolo ndi wosaina, silisunga mndandanda wa dziko lonse wa anthu akumwa mofini.

Pempho la kalata ino ndi lakuti chamba cha mankhwala chidutse pakhomo lomweli. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority liyeze ndi kulembetsa mafuta kapena mapiritsi enieni, odziwika mphamvu yake pa botolo, osati masamba wamba. Olembera akhale amene akusamalira kale wodwalayo, kuphatikizapo makiliniko ofesala ndi anamwino ophunzitsidwa za chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, ndipo pasakhale chipatala chimene ntchito yake yokha ndi kusainira chamba, kapena wosaina amene ali ndi gawo m'kampani yolima. Ngati apolisi akufuna chowatsimikizira, chikhale nambala ya pa botolo yoti angaifunse ku famase imene inapereka, osati kaundula wa maina. Ndipo a Nduna aitane a zaulimi ndi a Cannabis Regulatory Authority kuti pa laisensi iliyonse yotumiza mafuta kunja pakhale gawo lotsalira zipatala za boma, loperekedwa kwaulere monga mofini, malamulo ake atasindikizidwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka botolo loyamba lisanafike ku Central Medical Stores.