Wothawa kalembera asadzatilirire za madesiki

Ndiyambe ndi kupepesa kwa amene akhumudwe, chifukwa lero sindinyengerera munthu.

Sabata yatha pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, bambo wina anaimirira n'kutikalipira kuti ana a Fomu 1 akukhala pansi, madesiki kulibe, boma latiiwala. Anthu anamuombera m'manja. Ine ndinangoti kukamwa yasa, poti bamboyu ndimamudziwa bwino. Mu Sepitembala 2018, anyamata a kalembera atafika m'mudzi mwathu ndi matabuleti awo, iyeyu anathamangitsira ana ake asanu kudimba n'kukhoma chitseko. Ankati kwabwera anamapopa.

Manthawo ndikudziwa kumene anachokera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe. Makolo athu akale nawo ankathawa kulembedwa chifukwa atsamunda ankawerenga nyumba pofuna msonkho. Ena amatikumbutsa za Mfumu Davide amene anawerenga anthu mliri n'kugwa, koma amaiwala dala kuti Yosefe ndi Mariya anapita ku Betelehemu kukalembetsa. Zifukwa zonsezi ndazimva, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chingagule desiki.

Taonani izi abale anga. Mu 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni. Mu 1998 tinafika 9.9 miliyoni, mu 2008 tinapitirira 13 miliyoni, ndipo mu 2018 ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, theka lake ana osakwana zaka 18. Ziwerengero zimenezi ndi zimene boma limayang'ana pokonza za sukulu, zipatala ndi mijigo. Ngakhale madera a aphungu, amene anachoka pa 193 kufika pa 229 pachisankho cha 2025, powadula ankayang'ananso kuchuluka kwa anthu. Mwana amene munamubisa kudimba, papepala la boma kulibe. Ndiye desiki yake ichokera kuti?

Amene tinali pasukulu mu 1994 tikukumbukira. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Umo ndi mmene zimakhalira anthu akachuluka kuposa amene anakonzeredwa malo.

Koma tsopano nditembenukire kwa ife aphunzitsi, chifukwa nafenso tili ndi mlandu. Timaloweza ana ziwerengero za kalembera kuti akakhoze mayeso a MANEB, basi. Mwana yemweyo, ndi MSCE yake m'manja, mupatseni fomu kuti alembe, aona ngati mwamupatsa njoka. Sadziwa kuodira pakhomo pa munthu wamkulu, kudzifotokoza, kufunsa funso mwaulemu, kulemba yankho momwe lanenedwera, ngakhale kusunga chinsinsi cha banja la eni. Chonsecho ntchito iliyonse, ya kalembera, ya kuchipatala kapena ya m'sitolo, imafuna zomwezi. Tikutulutsa ana a satifiketi koma manja ali lende.

Teremu yatha ndinayesa kanthu ndi ana anga a Fomu 3. Titapempha chilolezo kwa ahedi ndi anyakwawa, ndinawagawa awiriawiri kuti ayende m'mudzi umodzi woyandikana ndi sukulu. Anajambula okha mapu, anakonza okha mafunso: pakhomo pano pali ana angati, angati ali pasukulu, amene anasiya anasiyiranji? Tsiku loyamba ena anabwerako atathamangitsidwa chifukwa anangolowa osaodira. Tsiku lachitatu mtsikana wina, amene m'kalasi satsegula pakamwa, ndi amene ankatsogolera anzake kuwonkhetsa. Zimenezi sindikanaziphunzitsa ndi choko.

Mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti ndikutaya nthawi ya silabasi. Ndinamufunsa kuti masamu, Geography ndi Chichewa zimene ana anagwiritsa ntchito masiku atatu amenewo zili kunja kwa silabasi iti? Mpaka lero sanandiyankhe.

Kuyambira 1998 kalembera wakhala akuchitika zaka khumi zilizonse, kotero wina tikumuyembekezera mu 2028. Amene ali Fomu 3 lero ndi amene adzagogode pamakomo pathu. M'mera mpoyamba. Tiwaphunzitse ntchitoyi panopa, ndipo iwo akafotokozere makolo kunyumba, poti mwana wako sungamutche namapopa.

Ndipo inu bambo a kumsonkhano aja, 2028 ikadzafika mudzatsegule chitseko, ana onse akhale pakhonde. Mukadzatero, za madesiki tidzakalipira limodzi.