Penshoni Ilibe Msonkho, Nanga Phindu Lake?

Caka ciliconse Nduna ya Zacuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lusaka ndi kulengeza m'mene boma lidzatolera ndalama ndi m'mene lidzazigwiritsira nchito. Ambiri a ife amene imvi zayamba kutuluka timatseka wailesi tsiku limenelo, poganiza kuti nkhani ya msonkho ndi ya anyamata amene akali pa nchito. Koma aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi akalaliki amene anapuma, kaya ali ku Kapata, ku Mchini, ku Katete kapena ku Chadiza, ayenera kuchera khutu, cifukwa cimene cilengezedwa kumeneko cimafika mpaka pa mbale yao ya nsima.

Tiyambe ndi cimene cili cabwino. Pa 5 January 2016 Mtsogoleri wa dziko Edgar Lungu anasaina Malamulo Aakulu a dziko okonzedwanso. Ndime 188 ya malamulowo inena kuti ndalama za penshoni sizidzadulidwa msonkho, ndipo ndime 189 ilamula kuti munthu amene sanapatsidwe penshoni yake pa tsiku lomariza la nchito akhalebe pa mndandanda wa malipiro kufikira atailandira. Kale sizinali tero: opuma ambiri anali kudulidwa msonkho pa ndalama zimene anazikhetsera thukuta zaka makumi atatu. Tsono ngati mwalandira penshoni kapena gracuiti ndipo pa pepala lanu paoneka kuti msonkho wadulidwa, musacite manyazi, funsani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dziwani cabe kuti malipiro a masiku a chuti amene simunapite amawerengedwa ngati malipiro wamba, ndipo iwo amadulidwa.

Cimene ambiri sacizindikira ndi ici: penshoni yeniyeniyo ilibe msonkho, koma phindu limene ibala likhoza kukhala nao. Pali njira zitatu zimene okalamba athu amatsata kawirikawiri, ndipo iliyonse ili ndi lamulo lake.

Yoyamba ndiyo kubwereranso ku nchito. Mphunzitsi wopuma amalembedwa pa sukulu yosakhala ya boma, namwino pa kacipatala ka munthu. Malipiro amenewo amadulidwa msonkho wa PAYE monga a wina aliyense. Mu 2023 munthu wolandira K4,800 pa mwezi kapena zocepera sanali kudulidwa kanthu. Mu 2024 malirewo anakwezedwa kufika pa K5,100, ndipo ndalama zopyola pamenepo mpaka K7,100 zinali kudulidwa K20 pa K100 iliyonse. Motero wolandira K6,100 caka cimeneco anali kupereka K200 cabe, cifukwa msonkho ugwira K1,000 yapamwambayo, osati malipiro onse. Ena amakana kukwezedwa malipiro poopa kuti msonkho udzadya zonse, koma mantha amenewo alibe maziko.

Yaciwiri ndiyo kumanga nyumba za lendi, monga mmene acitira ambiri muno m'Chipata. Kufikira mu 2021 lamulo linali lakuti wokhala m'nyumba adule K10 pa K100 iliyonse ya lendi ndi kuipereka ku boma. Kuyambira January 2022 udindowo unabwera kwa mwini nyumba, ndipo kwa amene lendi yao siipitirira K800,000 pa caka msonkho unaikidwa pa K4 pa K100 iliyonse. Msonkhowo unacepa, koma tsopano ndinu amene muyenera kukhala ndi nambala ya TPIN ndi kudzipereka nokha ku Zambia Revenue Authority. Amene amangokhala cete amaunjikira ana ao ngongole, pakuti tsiku logulitsa nyumbayo kapena losintha dzina la mwini wake, mabuku amatsegulidwa.

Yacitatu ndiyo kusungitsa ndalama kuti zibale ciwongoladzanja. Kuyambira mu 2013 ciwongoladzanja cimene munthu wamba apeza pa buku lake la ku banki sicidulidwa msonkho. Koma amene akongoza boma ndalama pogula mapepala a Bank of Zambia, aja achedwa ma bondi, amadulidwa ndalama zisanafike m'manja. Msonkho umenewu unali K15 pa K100 iliyonse, ndipo mu 2025 unakwezedwa kufika pa K20. Tiyerekeze mai wamasiye amene ciwongoladzanja cake ndi K20,000 pa caka: poyamba anali kudulidwa K3,000, pa mlingo watsopanowo ndi K4,000. Kwa munthu wa pa nchito K1,000 ndi yaing'ono, koma kwa iye ndi mankhwala a matenda a shuga kapena yunifomu ya mdzukulu. Pofanizira banki ndi ma bondi, muziwerenga cimene cidzatsala msonkho utacotsedwa.

Pali msonkho wina umene suonekera pa pepala la penshoni. Kuyambira mu 1995 timalipira VAT pa katundu wambiri wa m'sitolo, ndipo kuyambira January 2024 kutumiza ndalama pa foni kuli ndi kamsonkho kake. Coposa zonsezi ndi kukwera kwa mitengo. Amene anali kupereka ku Zambia National Provident Fund, imene inayamba mu 1966, akumbukira bwino: m'zaka za 1992 ndi 1993 mitengo inali kukwera kopitirira kawiri pa caka cimodzi, ndipo ndalama zimene munthu anasonkha moyo wake wonse zinangokwanira matumba owerengeka a unga. Ici cinali cimodzi mwa zifukwa zimene NAPSA inalowera m'malo mwake mu 2000. Mu 1995 banki ya Meridien inagwa, ndipo anthu anaphunzira kuti si nzeru kuika cuma conse malo amodzi.

Kwa inu amene mukali pa nchito, mau awiri. Kuyambira April 2023 lamulo lilola membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapako gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zake asanapume. Ambiri anatapa, ena anagula malata, ena feteleza, ena anangodya. Koma cimene mwatapa lero cidzacepetsa penshoni ya mwezi ndi mwezi pamene mphamvu zolima zidzakhala zitatha. Madzi akatayika saoleka.

Papa Yohane Paulo Waciwiri, m'kalata yake ya mu 1981 yonena za nchito ya munthu, anaphunzitsa kuti penshoni ya paukalamba ndi ufulu wa wanchito. Cotero si kupempha cifundo ngati okalamba afunsa aphungu ao kuti posintha misonkho aganizirenso za amene sangathe kuonjezera malipiro ao. Ndiponso msonkho woyenera tiupereke moona mtima, cifukwa ndiwo ugula mankhwala ku cipatala cimene ife tomwe timapitako.

Pomariza, sungani mapepala anu onse m'malo amodzi odziwika kwa amai kapena abambo a kunyumba ndi mwana mmodzi wokhulupirika: kalata yopumira nchito, nambala ya NAPSA, TPIN ndi malisiti a msonkho wa lendi. Mwezi wa January uliwonse pitani ku ofesi ya msonkho muno m'Chipata mukafunse cimene casintha, ndipo musapatse munthu wa pa mseu ndalama kuti akukonzereni mapepala. M'miphakati yathu muli aphunzitsi ndi akalaliki odziwa kuwerengera. Apatuleko Sabata limodzi athandize amasiye ndi okalamba kuwerenga mapepala ao. Safunsa anadya phula.