Wophunzira wa ku Kafue akhale pati ndi buku lake?

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kafue amene ali ndi buku m'manja ndi tindalama tochepa m'thumba alibe pokhala. Ndikunena pokhala penipeni: mpando, tebulo, denga, kuwala kokwanira kuwerengera, ndi mwini malo amene sangayambe kumuyang'ana ndi diso lofiira pakangopita kanthawi. Yendani kuchokera ku Kafue Estates, mudutse ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, mutsike mpaka ku Chanyanya, muone zitseko zimene zimakhala zotsegula dzuwa likapendeka. Mupeza mabala. Mupeza tinyumba tobetcherana mpira. Mupeza makina a bonanza pakhonde la kantemba, ana atawaunjirira. Malo onsewa amalandira wachinyamata ndi manja awiri, chifukwa akudziwa kuti atuluka m'thumba muli mbee. Ndiye ife akuluakulu tikakumana pamaliro kapena kutchalitchi timadandaula kuti ana a masiku ano sawerenga. Awerengere kuti?

Chimene chimandiwawa n'chakuti Kafue si tauni yachilendo pa maphunziro. A mishoni a Methodist anatsegula Kafue Training Institute mu 1918, ndipo mmodzi mwa amene anaphunzira kumeneko ndi Harry Mwaanga Nkumbula, amene pambuyo pake anatsogolera African National Congress pomenyera ufulu wa dziko lino. Lero tili ndi Kafue Boys, tili ndi Naboye, tili ndi sukulu ya zausodzi ya Kasaka, tili ndi ophunzira unamwino amene timakumana nawo m'misewu atavala yunifolomu. Tauni imene ili ndi ophunzira ochuluka chotere iyenera kukhala ndi malo amene amakumanirana kunja kwa kalasi, kumene wa ku Kasaka angatsutsane ndi wophunzira unamwino za madzi a mumtsinje wa Kafue, wina kunena za nsomba, wina kunena za matenda a m'mimba, mpaka onse awiri atuluke akudziwa zimene mphunzitsi sanawauze.

Mukatchula nyumba yomwera khofi, ambiri maganizo awo amathamangira ku Lusaka, ku Manda Hill kapena ku East Park pafupi ndi yunivesite ya UNZA, kumene kuli mipando yofewa ndi makina ofuula nthunzi. Mayina ngati Mugg & Bean ndi Vida e Caffè anachokera ku South Africa. Sindikudana nawo, ndipo amalemba ntchito ana athu. Koma mtengo wa kapu imodzi m'malo oterewa ungagule ndiwo za banja lonse ku Chanyanya, ndipo wophunzira amene makolo ake agulitsa mbuzi kuti alipire fizi sangaponde pakhomo pake kawiri. Ngati tikudikira kuti kampani yotere idzabwere kudzatimangira pokhala ana athu, tidikira mpaka imvi, ndipo ikadzabwera idzatumikira anthu a magalimoto odutsa pamsewu wa ku Livingstone, osati ife. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene tili nacho kale ndi tiyirumu.

Fikani pa doko la Chanyanya kusanache. Amalonda a nsomba, ambiri mwa iwo amayi, amakhala akudikira mabwato kuti atuluke m'madambo, ndipo m'mwezi wa June mphepo ya pamadzi imalowa mpaka m'mafupa. Pamenepo pamakhala mayi wina ndi mbaula yake, ketulo yakuda ndi utsi, beseni la vitumbuwa kapena mabanzi, ndi benchi. Pa benchi imeneyo ndi pamene pamamveka mtengo wa nsomba ku Soweto Market dzulo, pamamveka kumene madzi aphwa ndi kumene akwera, pamamveka amene wataya ukonde ndi amene akufuna mnzake wogawana naye mtengo wa galimoto. Ngongole zimakambidwa pomwepo. Mayi ameneyu amadziwa amene angamwe lero n'kulipira mawa. Palibe kampani imene inamutuma, palibe bwana wa kunja amene amatenga gawo la phindu lake, ndipo ndalama imene wapeza imagula yunifolomu ya mwana wa ku Chanyanya komweko. Ngati pali malo omwera oima paokha m'boma la Kafue, ndi amenewa. Chimene akusowa ndi denga labwino, madzi a pampopi, nyali, ndi ulemu.

Amene amanyoza benchi yotere aiwala kumene zinthu zina zikuluzikulu zinayambira. Ku England nyumba yoyamba yomwera khofi inatsegulidwa ku Oxford, tauni ya ophunzira, cha m'ma 1650. Ku London anthu ankalipira kakobiri kamodzi n'kukhala tsiku lonse akuwerenga nkhani ndi kutsutsana. Eni zombo ndi amalonda ankasonkhana m'nyumba ya khofi ya Edward Lloyd kuti amve za zombo zimene zafika ndi zimene zamira, ndipo pamacheza amenewo ndi pamene panabadwira Lloyd's of London, msika wa inshuwalansi wodziwika padziko lonse. Mfumu Charles II inachita mantha ndi zokamba za m'nyumba zimenezi mpaka inalamula mu 1675 kuti zitsekedwe, koma anthu anakana ndipo lamulolo linachotsedwa pasanathe masabata awiri. Zimene ankachita amalonda a zombo kwa Lloyd ndi zomwezo zimene amachita amalonda a nsomba pa doko lathu: kufunsana za madzi, za mitengo, ndi za munthu amene angakhulupiriridwe.

Tsopano tikambe za chimene chili m'kapumo, chifukwa apa ndi pamene pali manyazi athu. Mukawoloka mlatho wa Kafue n'kukhota kulowera ku Mazabuka, mumakwera mapiri a Munali, pamene David Livingstone anaonera mtsinje wa Kafue mu 1855. M'dera lomwelo, pa famu ya Mubuyu, amalima khofi wa Munali. Kumpoto, ku Kasama ndi ku Mbala, kuli minda ikuluikulu ya khofi ya Northern Coffee Corporation, monga Kateshi, Ngoli ndi Isanya. Shuga amachokera ku Nakambala, kutsidya kwa madambo omwewa. Mkaka uli mbwee ku Mazabuka ndi ku Monze. Ngakhale tirigu wa mabanzi amamera ku Chanyanya komwe, m'minda yothirira imene inayamba ndi thandizo la InfraCo Africa. Zonse zofunika pa kapu yabwino ya khofi ndi banzi lake zili pafupi ndi ife kuposa mmene zilili ndi munthu wa ku Cape Town. Koma khofi wambiri wa dziko lino amatuluka m'matumba asanakazingidwe, kukakazingidwa kunja, kukagulitsidwa kunja, phindu lalikulu n'kutsala komweko. Ife tikafuna khofi timagula kachitini ka Ricoffy kapena Frisco, ufa wosakaniza ndi mizu ya chomera china chotchedwa chicory, n'kumati tamwa khofi. Mwana wobadwira ku Kafue angathe kukula mpaka kukwatira asanalawepo khofi amene amamera kuseri kwa phiri limene amaliona tsiku lililonse.

Anzathu a ku Malawi anatisonyeza kuti siziyenera kukhala choncho. Alimi ang'onoang'ono a kumapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya anagwirizana m'bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Sanangolekera pa kugulitsa matumba kunja. Amakazinga okha, amalongedza okha, ndipo mumzinda wa Mzuzu, umene ulinso ndi yunivesite, anatsegula malo awoawo omwera khofi otchedwa Mzuzu Coffee Den. Mlimi wa ku Misuku ali ndi gawo m'kapu imene mlendo kapena wophunzira akumwa m'tauni. Ife ku Kafue tilibe alimi ang'onoang'ono a khofi, n'zoona, koma tili ndi magulu a amayi, tili ndi makopaletivu, ndipo khofi wokazinga kale ali pamtunda wa ulendo umodzi wa minibasi.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ati anthu akusowa ufa wa nsima, iwe ukukamba za khofi. Ndikuwayankha kuti pitani mukaone ndalama zimene zimalowa m'makina a bonanza ndi m'mabetcha a mpira Loweruka limodzi lokha. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma ludzu lofuna pokhala ndi anzako silinaletsedwe, ndipo timabotolo ta mowa waukali tinangolowa m'malo mwake. Wachinyamata amawononga kale ndalama kuti agule mpando pakati pa anzake. Funso ndi lakuti mpandowo uli pati, ndipo akanyamukapo mutu wake uli bwanji. Ena ati khofi ndi chakumwa cha azungu. Khofi kwawo ndi ku Ethiopia, mu Africa muno, ndipo kumeneko mayi wa kumudzi amakazinga nyemba zake pambaula, amasinja mumtondo, amawiritsa mumphika wadothi, anansi n'kusonkhana. Mbaula tili nayo, mtondo tili nawo. Makina a magetsi a mtengo wa galimoto si ofunika, makamaka m'dziko limene chilala cha 2024 chinatisiya mumdima maola ambiri patsiku. Ndipo amene safuna khofi amwe tiyi wa ku Kawambwa, amwe munkoyo kapena chibwantu. Sindikumenyera nkhondo chakumwa chimodzi. Ndikumenyera tebulo.

Nkhawa imene ndimailemekeza ndi ya ukhondo. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inachititsa boma kuchotsa ogulitsa m'misewu ya Lusaka ndi asilikali, ndipo ya 2023 mpaka 2024 inadzaza odwala mu Heroes Stadium n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu. M'midzi ya asodzi matendawa amayenda msanga. Koma taganizani bwino: pa zakumwa zonse za pa doko, chimene madzi ake awira ndi tiyi. Choopsa si ketulo, ndi beseni limene makapu onse amatsukidwamo, ndi kusowa kwa chimbudzi. Mankhwala ake ndi mpopi, sopo ndi chimbudzi. Kugwetsa benchi kumangosamutsira mayi uja kuseri kwa nyumba kumene woyang'anira zaumoyo sadzafikako.

Choncho ndikulankhula nanu, akuluakulu a Kafue Town Council ndi a komiti ya thumba la chitukuko la CDF. Thumba limeneli linakwera kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe chaka ndi chaka, ndipo muli gawo la ngongole ndi thandizo la achinyamata ndi amayi. Gulu la amayi a tiyi likabwera ndi pempho, musaliike pansi pa mulu chifukwa choti si nkhuku kapena chigayo. Apatseni malo ovomerezeka pafupi ndi msika, pafupi ndi sukulu, ndi pa doko, pa lendi imene angakwanitse. Athandizeni kupeza sola yoyatsira nyali ndi kutchajira mafoni, matebulo anayi, thanki ya madzi, ndi chiphaso cha zaumoyo chosafuna kuyendera maofesi mwezi wonse. Inunso a minda ya khofi, gulitsani timapaketi ting'onoting'ono pa mtengo wa pikulitsa kwa anansi anu a kutsidya lino, ndipo tumizani munthu adzaphunzitse amayiwa kaphikidwe kake.

Nanunso amayi ndi abambo a matiyirumu muli ndi mbali yanu. Wophunzira akagula kapu imodzi n'kukhala maola awiri, musamuone ngati akukutsekerani malonda. Mawa abwera ndi anzake atatu. Tsitsani wailesi, ikani nyuzipepala patebulo, ndipo mwamuna woledzera akayamba kuvutitsa mtsikana mutulutseni pomwepo. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mnyamata akalowa m'bala amangotchedwa mnyamata, koma mtsikana wophunzira unamwino akalowamo, ngakhale atangofuna pokhala, dzina lake limaipa tauni yonse. Kwa atsikana athu, tiyirumu yoyera ndi yaulemu ndiyo yokha imene ingakhale pakati pa chipinda cha lendi ndi kalasi.

Ku Chanyanya kuli chifukwa chinanso. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limaletsa kupha nsomba kuti ziswane, ndipo doko limazizira, malonda a tiyi n'kugwa nalo limodzi. Mayi amene makasitomala ake ndi asodzi okha amakhala miyezi itatu akudya mpamba wake. Koma aphunzitsi, anamwino a pachipatala, ogwira ntchito m'minda yothirira ndi ana a mayeso sachoka m'miyezi imeneyo. Tiyirumu yokhala ndi denga losadontha, nyali ndi tebulo ingawakoke onsewa m'nyengo ya mvula, ndipo mayiyo angafike mwezi wa March mpamba wake uli wathunthu, mabwato akamabwerera pamadzi.