Tiyang'ane M'maso mwa Mbuzi Zathu

Mvula ikayamba m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, mabanja ambiri m'midzi ya m'Malaŵi amamangirira mbuzi ndi nkhosa zawo pa zingwe kuti zisaononge mbewu m'minda. Umenewu ndi mwambo wabwino wosunga mtendere pakati pa anansi. Komabe tikufuna kukumbutsa aŵerengi athu kuti nyengo yomweyi ndi imene ziŵetozi zimazunzika kwambiri ndi nyongolotsi za m'mimba. Mwini chiŵeto amangodabwa kuona mbuzi ikuwonda pamene msipu uli ponseponse, ndipo ikafa, ena amayamba kuloza chala mnansi wosalakwa.

Nkhaniyi siyochepa ayi. Mbuzi ndiyo imalipira fizi ya mwana, ndiyo imagula feteleza, ndiyonso imapulumutsa banja pa matenda ndi pa maliro. Mbuzi yaikazi ikafa, banja lataya ndi ana omwe amene ikanabereka.

Mdani wamkulu ndi nyongolotsi imene akatswiri amaitcha Haemonchus contortus. Njopyapyala ngati ulusi, yotalika masentimita 2 kapena 3, ndipo imakhala m'chigawo chotsiriza cha chifu momwe imayamwa magazi. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 5,000 mpaka 10,000 pa tsiku. Mazirawo amatuluka ndi ndowe, ndipo kukakhala kofunda ndi kwachinyontho, sabata isanathe timphutsi timakhala titakhwima nkukwera pa udzu wonyowa ndi mame. Chiŵeto chikadya udzuwo, pakapita masabata atatu nyongolotsi zatsopano zimayamba kuikira mazira. Tsono taganizani za mbuzi yomangidwa pa chikhomo chimodzi mwezi wathunthu: pamene ikudya ndi pomwe ikugwetsa ndowe. Mwachibadwa mbuzi imakonda masamba a m'mwamba kumene timphutsiti sitifika, koma chingwe chimaikakamiza kudya udzu wa pansi.

Chiŵeto chogwidwa ndi nyongolotsi imeneyi chimasoŵa magazi, chimatsalira m'mbuyo zinzake zikamayenda, ndipo nthaŵi zina chimatupa kunsi kwa chibwano. Kaŵirikaŵiri sichitsegula m'mimba, nchifukwa chake mlimi amazindikira mochedwa. Ana ongoleka kuyamwa ndi zazikazi zongobereka kumene ndizo zimagonja msanga.

Palinso adani ena aŵiri oyenera kuŵadziŵa. Woyamba ndi nyongolotsi ya m'chiŵindi, Fasciola gigantica, imene imakulira m'nkhono za m'madzi, ndipo ziŵeto zimaitenga zikamadya m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, makamaka m'chilimwe pamene kumtunda kwauma. Wachiŵiri amachokera kwa agalu. Mazira a nyongolotsi ya galu akamezedwa ndi mbuzi kapena nkhosa, amatha kupanga thumba la madzi mu ubongo, chiŵeto nkumangozungulira pamodzimodzi mpaka kufa. Munthu akaponyera galu mutu wauŵisi wa chiŵeto chotero, wafesa yekha matendawo pamudzi.

Ena anganene kuti mankhwala alipo, kotero tingomwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi. Zimene anaona alimi a ku South Africa zikutichenjeza. Kumeneko anamwetsa nkhosa zonse kaŵirikaŵiri kwa zaka zambiri, ndipo nyongolotsi zimene zinapulumuka zinabereka zinzake zosamva mankhwala. Poona vutoli, m'zaka za m'ma 1990 Dr Faffa Malan ndi anzake a ku Onderstepoort anakonza njira yotchedwa FAMACHA. Munthu amatsitsa chikope cha m'munsi cha chiŵeto nkuyerekeza mtundu wa m'kati mwake ndi khadi la mitundu isanu, kuyambira kufiira mpaka kuyera. Chofiira chili ndi magazi okwanira. Chotuwa ndicho chofunika mankhwala. Nzeru yake njakuti m'khola lililonse ziŵeto zochepa ndizo zimanyamula nyongolotsi zambiri. Kumwetsa zokhazo kumasunga ndalama ya mlimi ndiponso kumasunga mphamvu ya mankhwala kuti adzagwirebe ntchito maŵa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kuona maso a mbuzi nakonso kumafuna kudekha komweko, masabata aŵiri alionse m'dzinja.

Pamene mankhwala afunikadi, mlimi afunse mlangizi wa za ziŵeto. Muyeso wopereŵera ndiwo umalimbitsa nyongolotsi, ndipo pa mankhwala ambiri mbuzi imafuna muyeso wokulirapo kuposa nkhosa ya thupi lofanana nayo. Mankhwala a albendazole ngoopsa kwa chiŵeto chimene changotenga bere. Nyama ndi mkaka zisadyedwe masiku olembedwa pa botolo asanathe. Tisaiŵalenso kuti dipi amapha nkhupakupa za pakhungu, osati nyongolotsi za m'mimba.

Koma zida zazikulu pa nkhondo imeneyi sizigulidwa m'sitolo. Chikhomo chisunthidwe pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo chisabwerere pamalo akale mwezi usanathe. Ziŵeto zituluke mame atauma. Khola likhale lam'mwamba, lokhala ndi mipata pansi kuti ndowe zizigwa, ndipo ndowezo zikaole kudzenje la manyowa. Masamba a mitengo odulira ziŵeto apachikidwe m'mwamba m'malo moŵaponya pansi. Chiŵeto chodya mokwanira chimalimbana bwino ndi nyongolotsi kuposa cha njala.

Kwa inu aphunzitsi, udindo wanu pa nkhaniyi ngwaukulu. Ana amene mumakhala nawo m'kalasi ndi omwewo amene amamanga ndi kumasula mbuzi kunyumba. Phunziro la zaulimi lisathere pa bolodi. Pemphani mbuzi ziŵiri kapena zitatu m'mudzi woyandikana ndi sukulu, itanani mlangizi, ndipo mwana aliyense atsitse chikope ndi dzanja lake, aone yekha kusiyana kwa diso lofiira ndi lotuwa. Mwana wotero sadzaiŵala, ndipo madzulo omwewo akaonetsa makolo ake.

Kwa inu akuluakulu a m'maofesi a zaulimi ndi a m'maboma, tikupempha kuti mbuzi ndi nkhosa zipatsidwe malo m'ndondomeko zanu za ntchito monga momwe muchitira ndi ng'ombe, pakuti mabanja oŵeta mbuzi ngochuluka kuposa oŵeta ng'ombe. Alangizi afike m'midzi mvula isanakhazikike, osadikira kuti akaitanidwe chiŵeto chitagona kale pansi. Pogaŵa mbuzi kwa mabanja osauka, mlimi ayambe wamanga khola lam'mwamba ndi kuphunzira kuyang'ana diso. Mafumu nawonso akumbutse anthu awo pa misonkhano za kusuntha zikhomo ndi kukwirira ziwalo zodwala za nyama m'malo mopatsa agalu.

Dzinja lino, banja lililonse lokhala ndi mbuzi kapena nkhosa liyambe ndi ntchito ziŵiri zosalira khobiri: kusuntha chikhomo ndi kuyang'ana m'maso mwa chiŵeto chilichonse m'khola.