Tisachite nacho manyazi chikondamoyo

M'midzi ya ku Kasungu, ndalama za fodya zikangotuluka ku msika wa Chinkhoma, tiyi wa m'mawa amayendera buledi wa m'sitolo. Pofika Januwale ndalama zija zatha, ana akumwa tiyi wopanda chomwera. Nafenso ophunzira timawonjezera vutoli, chifukwa tikapita kutchuthi timanyamula buledi ngati umboni woti tatsogola, chikondamoyo n'kumachiyesa cha anthu osauka.

Komatu amayi athu amadziwa kuphika mkate wosadikira msika. Amasakaniza ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa zokanya, mchere ndi soda pang'ono, n'kuthira m'poto wopaka mafuta. Luso lagona pa moto: makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Ukasemphanitsa, pansi pamapserera m'kati muli mwauwisi. Akabaya ndi mpeni n'kutuluka wosamata, ndiye kuti chapsa.

Sitili tokha pa kaphikidwe kameneka. M'midzi ya ku Ireland m'zaka za m'ma 1800, mabanja ambiri analibe uvuni. Ankakanda ufa wa tirigu ndi soda, mchere ndi mkaka wowawasa wonga chambiko, n'kuphika mumphika wachitsulo, makala ali pa chivundikiro. Lero mkate umenewo amaunyadira, mpaka kulandirira alendo m'mahotela. Nanga ife tikunyozeranji wathu?

Pafupifupi tirigu yense wa buledi wathu amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buledi sukanachitira mwina koma kukwera. Chimanga ndi nthochi timalima tokha, ndipo mgaiwa uli ndi gaga amene ufa woyera wa tirigu unataya. Ife amene timaphunzitsa anzathu za kudya moyenera tizidziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Chikondamoyo chophika Lachisanu chimafikanso pa Sabata chili bwinobwino, osayatsira moto.

Ena anena kuti nkhuni zinasowa ku Kasungu, mitengo inathera ku zigafa ndi mabalani a fodya. N'zoona. Koma makala otsala pophika nyemba ngokwanira poto mmodzi.

Luso limeneli silinalembedwe m'buku. Lili m'manja mwa agogo ndi amayi a Dorika. Tchuthi chikubwerachi, anyamata ndi atsikana omwe, tikakhale nawo pafupi ndi mafuwa, tikaphunzire kuyeza moto akadali moyo otiphunzitsa.