Tsoka likagwa, mwana asathamangitsidwe pa wailesi

Tsoka likagwa m'dziko, makolo ambirife timathamangitsa ana kuti nkhani za maliro n'za akuluakulu. Koma mwana wa Fomu 2 akachoka pakhondepo sapita kukagona ayi. Nkhani yomweyo akaimva kumsika kapena pafoni ya mnzake, itathiridwa kale mchere.

Ife tikuti mwanayo akhale pomwepo, muimvere limodzi nkhaniyo ndi kuisenda.

Takumbukirani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pa 13 mweziwo tidamva kuti anthu 99 amwalira. M'mawa mwake chiwerengero chidakwera, mkuja chidakweranso, mpaka kupitirira 600. Mwana wosazolowera nkhani angaganize kuti tsiku loyambalo akuluakulu adanama. Chonsecho ku Chilobwe anthu adali akufukulabe matope ndi makasu, ndipo midzi ina ku Mulanje ndi Phalombe idali yosafikika kaamba koti misewu idaduka. Chiwerengero cha tsiku loyamba chimanena za matupi amene apezeka, osati onse amene atisiya. Izi kholo lingathe kufotokoza nsima isanazizire.

Chovuta kwambiri ndi nkhani yopanda mwini, ija yoyamba ndi "akuti". Akuti ndani? Iyeyo adaona ndi maso ake, kapena naye adangomva? Nanga chithunzi chikuzunguliracho n'cha kuno, cha chaka chino? Mwana amene amafunsa chonchi asatengedwe ngati wamwano.

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka mumzinda wa Blantyre. Palibe adagwidwa akupopa magazi a munthu, koma anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Aliyense woponya mwala adali atamva kwa wina, winayo kwa winanso. Tisanamizane, m'magulu otere achinyamata sasowa, ndipo amakhala atachokera m'nyumba zathu zomwezi.

Nafe atolankhani tisadziyeretse. Timathamanga, nthawi zina mutu wa nkhani umalonjeza zomwe m'katimo mulibe. Choncho mwana aphunzire kuwerenga mpaka kumapeto, aone ngati mtolankhani wayankhula ndi apolisi, achipatala kapena ofedwa.

Kwa aphunzitsi a Chichewa m'sekondale zathu za masana, zipangizo zilipo kale. Nyuzipepala ziwiri za tsiku limodzi, ngakhale zokulungira mandasi, n'zokwanira kuti ana a Fomu 3 afanizire momwe atolankhani awiri alembera ngozi imodzi, ndi amene aliyense wasankha kumufunsa.