Nkhani ya Minyanga Ikudikira Mlembi Wachichewa

Abale anga a ku Malawi, Chipata, Tete ndi Niassa, ndikukulemberani kuchokera ku Kadoma, kumene agogo athu anadzagwira ntchito m'migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny. Tauni yoyandikana nafe ya Chegutu inkatchedwa Hartley mpaka chaka cha 1982, potengera dzina la Henry Hartley, mlenje amene ankapha njovu m'mbali mwa mtsinje wa Mupfure m'zaka za m'ma 1860. Motero nkhani ya minyanga si yachilendo kuno.

Miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga mabuku a alembi a ku India, ndipo andichititsa kuona nkhani yakwathuyi ndi maso ena. Dziko la India linakhazikitsa Project Tiger mu 1973, pa ulamuliro wa Indira Gandhi, pofuna kupulumutsa akambuku ake a mizeremizere, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti akambukuwo aposa 3,000. Koma Amitav Ghosh, m'buku lake la The Hungry Tide la mu 2004, akutikumbutsa za anthu othawa kwawo amene boma linawathamangitsa mwankhanza pachilumba cha Morichjhapi mu 1979, ponena kuti malowo ndi nkhalango yotetezedwa. Powerenga zimenezi ndinakumbukira za ku Kasungu, kumene mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kuyambira pamenepo anthu a m'midzi yozungulira, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula za minda yowonongedwa ndi abale awo ophedwa.

Buku lachiwiri ndi The India Way la mu 2020, lolembedwa ndi S. Jaishankar, nduna ya za kunja ya dzikolo. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti dziko lizidziwa chimene likufuna, ndipo lizikambirana ndi mayiko onse amphamvu popanda kudzimangirira kwa limodzi. Ifenso tili ndi nkhani yotere. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 kudzera m'pangano la CITES, ndipo Zimbabwe yakhala ikupempha chilolezo chogulitsa minyanga imene yaunjikana m'nkhokwe zake. Zokambirana zoterezi zimachitika m'Chingerezi, m'mahotela, ndipo mlimi amene wagona m'munda kulondera chimanga amangomva zotsatira zake.

Chachitatu ndi nkhani za ofufuza milandu. Sharadindu Bandyopadhyay anayamba kulemba za Byomkesh Bakshi mu 1932, ndipo Satyajit Ray anayamba za Feluda mu 1965. Onse awiri analemba m'Chibengali, chinenero cha amayi awo, ndipo mibadwo ya ana inaphunziramo kufunsa kuti: wapindula ndani ndi mlanduwu?

Funso limenelo ndi limene likusowa m'mabuku athu. Mu 2013 njovu zoposa 80 zinafa ku Hwange zitamwa madzi othiridwa sayanaidi, mankhwala amene ife a m'migodi timawadziwa posungunula golide. Anthu a m'midzi ya ku Tsholotsho anamangidwa ndi kupita kundende. Komatu mankhwalawo anachokera kwa munthu wina, minyangayo inali ndi woigula, ndipo inayenera kudutsa pamalire. Ku Lilongwe mu 2021 khoti linalamula Yunhua Lin, nzika ya China, kukhala m'ndende zaka 14 pa milandu ya nyanga za chipembere ndi kuzembetsa ndalama, umboni wakuti njirayo ingalondoledwe mpaka kukafika kwa mwini chuma. Nkhani yofufuza mlandu ndiyo ingatenge wowerenga kuchokera pa msampha wa mmphawi, kudzera kwa wonyamula katundu ndi wolandira ziphuphu, mpaka pakhomo la bwana. Lipoti la bungwe silichita zimenezo, ndipo ngakhale litachita, ndi angati kumudzi angaliwerenge?

Ena adzati buku silithamangitsa njovu m'munda, ndipo owerenga Chichewa ndi ochepa. Zoonadi, buku si mpanda. Koma anthu amene amvetsa mmene malondawa amayendera savomera msanga kunyamula mfuti ya wina, ndiponso amadziwa zofunsa phungu wawo pa nkhani ya chipukuta misozi. Za owerenga, tikumbuke kuti Chichewa chimayankhulidwa m'mayiko anayi, ndipo malamulo a Zimbabwe a mu 2013 amachiwerengera pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Nkhani yabwino ingayende pa wailesi ndi pa WhatsApp kuchokera ku Chegutu mpaka ku Lundazi.

Pempho langa kwa alembi athu ndi lakuti mmodzi mwa inu atilembere nkhani yotere m'Chichewa, yoyambira pa nyama yakufa m'malire a Kasungu ndi kulondola ndalamazo kumene zinapita. Mlimi ndi mlonda wa nkhalango onse apatsidwe mpata woyankhula. Ife a kuno ku Kadoma tidzaigula, ndipo tidzawerengera ana athu amene Chichewa chayamba kuwathawa pakamwa.